Brufen ndi morphine: wina wa m'golosale, wina wa m'kabati yokhoma

Mankhwala awiriwa sagona nyumba imodzi. Brufen amapezeka m'famase iliyonse, nthawi zina ngakhale m'golosale ya pamudzi, moyandikana ndi sopo ndi machesi, ndipo wogulitsa safunsa kuti wodwalayo ndani. Morphine amakhala m'kabati yokhoma ya DDA, kiyi wake ali m'thumba la namwino wamkulu wa wodi. Kuti atuluke m'menemo pamafunika buku, anthu awiri osayina, ndi kuwerenga zotsala. Wophunzira unamwino akaona zimenezi ulendo wake woyamba wa ku wodi, amatolapo phunziro limene palibe mphunzitsi anamuuza: kuti brufen ndi wofatsa, wongopatsa aliyense wodandaula, pomwe morphine ndi chilombo chimene timachimasula pokhapokha munthu akatsala madzi amodzi.

M'phunziro limeneli muli choona pang'ono, koma lawonongetsa impso za anthu ambiri, ndipo lasiya enanso akubuula usiku wonse mankhwala ali pomwepo m'kabati. N'chifukwa chake ndikufuna tiwayang'ane awiriwa modekha, aliyense pa ntchito yake. Ndikamati brufen ndikunena ibuprofen pamodzi ndi abale ake a gulu la NSAID: diclofenac, naproxen, aspirin ndi indomethacin, uja ambiri amamudziwa kuti indocid. Ndikamati morphine, kumbuyo kwake kuli gulu la opioid, monga codeine, tramadol, pethidine ndi fentanyl.

Tisanagwire botolo lililonse, timve kaye wodwala. Funso loti "mukumva kuwawa?" silipita nafe patali, poti yankho lake timalidziwa kale. Lothandiza ndi loti "kukuwawa bwanji, amayi?" Apa chinenero chathu n'cholemera kuposa mmene timachigwiritsira ntchito. Wina anena kuti dzino likugunda. Wina akuti m'mimba mukupota. Wina thupi lonse laphwanya. Wina m'nthiti mukubaya akamakoka mpweya. Agogo ena akuti mapazi akuyaka moto usiku, koma achitanso dzanzi, moti bulangete likangowakhudza amadzidzimuka. Zonsezi tikazilemba m'fayilo ndi liwu limodzi lachingerezi, tataya theka la zimene wodwala watiuza. Namwino wa ku America, Margo McCaffery, anaphunzitsa mu 1968 kuti mwini ululu ndiye mboni yake, ndipo ululuwo ulipo nthawi iliyonse imene iye wanena kuti ulipo. Ine ndimawonjezera kuti mawu amene wodwala wasankha ndiwo amatilozera mtundu wa ululuwo, ndipo mtunduwo ndi umene umasankha mankhwala.

Mtundu woyamba mabuku amautcha nociceptive. Umabwera pamene khungu, mnofu, fupa kapena chiwalo cham'kati chavulala kapena chatupa, mitsempha yonyamula uthenga ili bwinobwino ndipo ikungogwira ntchito yake. Liwu loti mtsempha limatisokoneza, poti timatchulira wa magazi ndi wa uthenga womwe. Pano ndikunena wa uthenga. Mukaponda munga mumamva kuwawa kawiri. Koyamba n'kwakuthwa, kofika nthawi yomweyo kudzera m'timitsempha ta A-delta, kenako kumabwera kwina kochedwa ndi kokhalitsa, kodzera m'timitsempha ta C. Ululu wa pakhungu, m'mnofu ndi m'mafupa, wotchedwa somatic, wodwala amauloza ndi chala chimodzi. Wa m'ziwalo zam'kati, wotchedwa visceral, amausisita ndi chikhatho chonse, sadziwa bwino pamene wayambira, ndipo kawirikawiri umabwera ndi nseru ndi thukuta. Umathanso kumvekera kutali ndi kwawo: vuto la mtima limamveka kumkono wamanzere ndi kunsagwada, la ndulu kuphewa lamanja, ndipo appendix imayamba kuwawa cha pamchombo isanasamukire kumunsi chakumanja.

Mtundu wachiwiri ndi neuropathic, ndipo apa wadwala ndi mthenga mwiniwakeyo. Ali ngati munthu amene akubwera tsiku ndi tsiku kudzanena uthenga wa maliro pomwe kumudziko kulibe wamwalira. Phazi la agogo aja lilibe bala, silinatupe, koma mtsempha wowonongeka ukutumiza uthenga wa moto. Timauona mwa odwala shuga, mwa amene ali ndi HIV, mwa akumwa isoniazid wa TB, mwa amene anadwalapo mashingozi ndipo ululu unatsalira matuza atapola, mwa odwala khate, ndi mwa munthu amene akumvabe kuwawa m'mwendo umene unadulidwa kale. Anamwino akale amakumbukira mmene stavudine ankawotchera anthu mapazi asanachotsedwe pa ma ARV oyambira. Mawu ake ndi omwe aja: kuyaka, dzanzi, kubaya ngati singano, kugwidwa ngati ndi magetsi.

Mu 2017 bungwe la International Association for the Study of Pain linavomereza dzina la mtundu wachitatu, nociplastic, wa ululu wonga wa fibromyalgia, pamene palibe bala kapena mtsempha wowonongeka wooneka koma kamvedwe ka ululu kasintha. Palinso kugawa kwina kotengera nthawi. Ululu wa posachedwa uli ndi ntchito yochenjeza ndipo umatha bala likapola; wopitirira miyezi itatu timauwerenga ngati wokhalitsa, ndipo nthawi zambiri umasanduka nthenda paokha. Izi ndikuzidutsa msanga, koma tidzazifuna tikafika pa nkhani ya chizolowezi.

Tsopano tiyeni kwa brufen. Iye amagwira ntchito pamalo pomwe pavulalapo. Maselo akawonongeka amatulutsa arachidonic acid, ndipo ma enzyme otchedwa COX-1 ndi COX-2 amaisandutsa ma prostaglandin. Ma prostaglandin amenewa amanola nsonga za mitsempha ya uthenga kuti zizimva msanga. N'chifukwa chake khungu lozungulira chithupsa limawawa ngakhale malaya okha akalikhudza. Amathandiziranso kutupa, kufiira ndi kutentha thupi. Brufen amatsekereza COX, ma prostaglandin n'kuchepa, ndipo ululu, kutupa ndi kutentha zimatsikira limodzi. Chochititsa chidwi n'chakuti anthu anamwa mankhwala a gululi zaka zambiri asakudziwa mmene amagwirira ntchito. Kampani ya Bayer inayamba kugulitsa aspirin mu 1899. Ibuprofen, amene Stewart Adams ndi anzake anamupanga ku kampani ya Boots mumzinda wa Nottingham, anatuluka mu 1969 ndi dzina loti Brufen, lomwe tikulitchulabe mpaka lero. Koma munali mu 1971 pamene John Vane, ku London, anaonetsa kuti chinsinsi chagona pa ma prostaglandin, ntchito imene inamupatsa mphoto ya Nobel mu 1982.

Morphine alibe nazo ntchito za pabala. Chotupa chimakhala chotupabe, fupa lothyokabe. Iye amakadikira uthenga panjira, mu mtsempha waukulu wa mumsana ndi mu ubongo, pamalo otchedwa mu receptor. Akakhala pamenepo, uthenga wochepa ndi umene umakwera, ndipo wokwerawo ubongo umaulandira mosatekeseka. Mudzamva wodwala akunena kuti, "kukumvekabe, koma sikukundisautsa." Friedrich Sertürner wa ku Germany anamupatula ku utomoni wa duwa la poppy cha m'ma 1805, n'kumutcha dzina lochokera kwa Morpheus, mulungu wa maloto wa Agiriki. Malo amene amakhalapo m'thupi anadziwika mu 1973, pa ntchito ya Candace Pert ndi Solomon Snyder ku Johns Hopkins, ndipo mu 1975 John Hughes ndi Hans Kosterlitz ku Aberdeen anapeza ma enkephalin, kusonyeza kuti thupi limapanga lokha mankhwala ofanana ndi morphine. Choncho morphine amalowa pakhomo limene thupi linamanga kale.

Mukamvetsa kusiyana kwa malo ogwirira ntchito kumeneku, mudzaona kuti kuwaika pamzere woti uyu ndi wofooka, uyu ndi wamphamvu, kumabisa zambiri. Pali ululu umene brufen amautha bwino kuposa opioid. Dzino lotupa kapena lozulidwa kumene limamvera brufen, makamaka akaphatikizidwa ndi panado, kuposa mmene limamverera codeine. Mtsikana amene akupindika ndi ululu wa msambo akuvutika ndi ma prostaglandin omwewo, amene akufinya chiberekero. Brufen womwedwa ululu ukangoyamba amakazimitsa moto pagwero pake. Chimodzimodzi gout, bondo lobinya, ndi miyala ya mu impso, pamene diclofenac amathandiza mofanana ndi opioid koma osasanzitsa kwambiri. Kumbali inayi kuli mwana amene wagwera m'phala lowira ndipo akufunika kutsukidwa mabala tsiku lililonse, bambo wothyoka fupa la ntchafu pa ngozi ya kabaza, mayi wong'ambidwa pamimba dzulo, mnyamata wa sickle cell amene mafupa ake akuphwanya, ndi wodwala khansa imene yafalikira. Kuwapatsa awa brufen yekha ndi kuthira kapu ya madzi pa nyumba yoyaka.

Chifukwa chake chili pa mlingo. Brufen ali ndi denga. Kwa wamkulu, 400 mg pa nthawi imodzi amapereka pafupifupi mphamvu yonse yothetsa ululu imene mankhwalawa ali nayo. Wodzigulira yekha asapitirire 1200 mg pa tsiku, ndipo ngakhale dokotala kawirikawiri sadutsa 2400 mg. Kupyola pamenepo chimene chimakula ndi kuvulaza kokha. Morphine alibe denga lotere. Mlingo woyenera ndi umene wathetsa ululu wodwala ali maso, akulankhula ndi abale ake. Wamkulu amene sanamwepo opioid timamuyambira pa 2.5 mg kapena 5 mg wakumwa, maola anayi alionse, usana ndi usiku. Ululu ukabowoleza pakati pa maolawo, amalandira mlingo wowonjezera wofanana ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mlingo wa tsiku lonse. Tiwerengere limodzi. Mayi akumwa 5 mg kasanu ndi kamodzi, ndiye kuti 30 mg pa tsiku, ndipo wowonjezera ndi 5 mg. Ngati dzulo anafuna wowonjezera katatu, thupi lake lafuna 45 mg, choncho mlingo watsopano ungakhale 7.5 mg maola anayi alionse. Masamu amenewa muziwachita papepala, mnzanu akuona. Morphine wamadzi amabwera wa 5 mg mu 5 ml komanso wa 50 mg mu 5 ml. Kusinthanitsa mabotolo awiriwa n'kupereka mlingo wochuluka kakhumi. Ndipo wa jakisoni ndi wamphamvu kawiri kapena katatu kuposa wakumwa, poti wakumwa amayamba wadzera m'chiwindi chimene chimaphwanyako gawo lalikulu.

Pa nkhani ya kuvulaza ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndi pamene kabati yokhoma ija imatinamiza. Ma prostaglandin amene brufen amawachepetsa ali ndi ntchito zina zabwino. Amateteza khoma la chifu ku asidi. Amatsegula mitsempha ya magazi yolowa mu impso, makamaka thupi likachepa madzi. Njira yomweyo ya COX imathandiza ma platelet kuundana kuti magazi asiye kutuluka. Brufen sasankha, amazimitsa zonse. Taganizirani bambo wa zaka 65 amene akumwa enalapril ndi hydrochlorothiazide chifukwa cha BP. Mawondo akumuwawa, kuchipatala analandira brufen, kenako mdzukulu anamugulira indocid kugolosale poti amaona kuti ndi mankhwala ena. Sabata ino watsekula m'mimba masiku awiri. Mankhwala a BP aja, ma NSAID awiri ndi kuchepa kwa madzi zakumanira pa impso zake, ndipo iye sakumva chilichonse. Impso sizilira. Chimene mudzaona ndi mkodzo wochepa, mapazi otupa, BP yosatsika, creatinine wokwera ngati mwayi woyeza ulipo. Wodwala amene akumwa ma ARV a TLD alinso ndi tenofovir, amene kale amalemetsa impso, choncho brufen wa nthawi yaitali kwa iye ndi wofunika kumuganizira kawiri. Zilonda zam'mimba nazo zimatha kukula mwakachetechete mpaka tsiku limene chimbudzi chatuluka chakuda ngati phula, kapena munthu wasanza magazi. Ngoziyi imakula mwa okalamba ndi mwa akumwa prednisolone kapena warfarin. Kwa mayi woyembekezera, kuyambira masabata 20 ma NSAID angachepetse madzi amene mwana amakhalamo, ndipo m'miyezi itatu yomaliza angatseke msanga ductus arteriosus. Ena a mphumu amabanika nawo. Aspirin sitipatsa mwana wosafika zaka 16 amene watentha thupi, kuopa Reye's syndrome. Ngakhale mtima sunasiyidwe: rofecoxib, amene anapangidwa kuti atseke COX-2 yekha n'kusunga chifu, anachotsedwa pamsika mu 2004 chifukwa chowonjezera matenda a mtima ndi sitiroko, ndipo diclofenac nayenso timamupewa mwa odwala mtima. Pa zonsezi palibe jakisoni wobweza zimene brufen wawononga.

Morphine naye amapha, ndipo sindikufuna kuti wina achoke pano akumuyesa madzi akumwa. Amachepetsa chidwi cha ubongo pa mpweya woipa wa m'magazi, munthu n'kumapuma pang'onopang'ono mpaka kusiya. Koma ngozi yake imabwera poyera ndipo imayamba yagogoda. Tulo timayamba, kupuma kumatsatira. Wodwala amene akugona pakati pa chiganizo, amene mukamudzutsa akubwereranso m'tulo nthawi yomweyo, ameneyo ndi wofunika kumuyang'anitsitsa. Werengani kupuma kwake mphindi yathunthu; wamkulu akatsika pansi pa ka 10, ana a maso atachepa ngati kansonga ka singano, imitsani mlingo wotsatira, itanani thandizo, mpatseni oxygen, ndipo naloxone akhale pafupi. Naloxone amachotsa morphine pamalo pake m'mphindi zochepa, koma amatha mphamvu msanga kuposa morphine, choncho wodwala amene wadzuka angathe kumiranso; musachoke. Amene ali pangozi kwambiri ndi oyamba kumene, okalamba, ofooka impso, ndi amene amwanso diazepam kapena mowa. Mwa wodwala khansa amene mlingo wake wakwezedwa pang'onopang'ono motsatira ululu, vutoli silichitika kawirikawiri. Zovuta za tsiku ndi tsiku ndi zina. Nseru ndi kuwodzera zimabwera masiku oyamba kenako n'kutha. Kudzimbidwa kokha sikutha, chifukwa matumbo sazolowera morphine. Wopereka morphine wa masiku ambiri popanda bisacodyl kapena senna wangosinthanitsa ululu ndi unzake. Gadiyani muzimuuziratu zimenezi tsiku loyamba.

Pali malo amodzi pamene awiriwa amakumana, ndipo ophunzira ambiri sawaona. Chiwindi chimasandutsa morphine kukhala zinthu zina, kuphatikizapo morphine-6-glucuronide amene ali ndi mphamvu yofanana naye, ndipo zimenezi zimatuluka kudzera mu impso. Brufen akafooketsa impso mwakachetechete, zotsalira za morphine zimaunjikana, ndipo wodwala amene wakhala bwinobwino pa mlingo womwewo kwa mwezi wathunthu amayamba kuwodzera ndi kunjenjemera minofu. Onse amaloza morphine, pomwe anayambitsa ndi mnzake wa m'golosale uja.

Abale a morphine amene timawayesa ofatsa alinso ndi zawo. Codeine sagwira ntchito mpaka chiwindi chitamusandutsa morphine kudzera mu enzyme ya CYP2D6, ndipo anthu amabadwa osiyana: ena samusandutsa n'komwe, ena amamusandutsa mothamanga moopsa. N'chifukwa chake sapatsidwa kwa ana osafika zaka 12 ndi kwa amayi oyamwitsa. Tramadol angayambitse kukomoka ngati kwa khunyu. Pethidine, amene timamudziwa kwambiri kumatenite ndi kuthiyeta, amatha msanga ndipo amasiya norpethidine amene akaunjikana amakomoketsanso. Si woyenera ululu wa masiku ambiri.

Nanga chizolowezi? Apa pali zinthu zitatu zimene timazisakaniza. Thupi lingafune mlingo wokulirapo pakapita nthawi. Thupi lingazolowere moti mankhwala akasiyidwa mwadzidzidzi munthu amatuluka thukuta, kutsekula m'mimba ndi kusowa mtendere, n'chifukwa chake timatsitsa pang'onopang'ono. Ziwirizi zimachitikira aliyense womwa opioid nthawi yaitali. Chachitatu ndicho nthenda: chibaba chofuna mankhwala pa zifukwa zina, kulephera kudziletsa, kupitiriza ngakhale moyo ukuwonongeka. Nthendayi ndi yeniyeni. Ku United States, OxyContin atatuluka mu 1996, ma opioid anaperekedwa mochuluka kwa anthu a ululu wokhalitsa wosakhala wa khansa, monga wa msana, ndipo mliri umene unatsatira, womwe pambuyo pake unasamukira ku heroin ndi fentanyl wozembetsedwa, unapha anthu oposa 80,000 m'chaka cha 2021 chokha. Phunziro lake ndi lomveka: morphine si yankho labwino la msana wa zaka zisanu kapena la ululu wa nociplastic. Koma vuto la mayiko ngati athu lili mbali inayo. Lipoti la Lancet Commission la 2017 linapeza kuti pa matani 298.5 a ma opioid ofanana ndi morphine ogawidwa padziko lonse pa chaka, mayiko osauka kwambiri ankalandira makilogalamu 100 okha. Izi zikuchitika pomwe Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko, ndipo amayi ambiri amafika kuchipatala itafika kale patali. Uganda anaonetsa kuti zingatheke: Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993 ndi morphine wamadzi wotsika mtengo, ndipo mu 2004 dzikolo linalola anamwino ophunzitsidwa mwapadera kulembera odwala morphine. Kuno kwathu malo ngati Tiyanjane ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Ndi Moyo ku Salima akhala akugwira ntchito yomweyo. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti nthawi zina botolo limakhala lilipo, koma namwino akuopa, gadiyani nayenso akuopa poti anamva kuti ndi mankhwala otsanzikira. Mbiri imeneyi inabadwa chifukwa choti timamuchedwetsa mpaka tsiku lomaliza. Wodwala amene wayamba morphine pa nthawi yake amagona, amadya, ena amabwerera kudimba.

Tibwerere kwa agogo a mapazi oyaka aja, chifukwa kwa iwo mikangano yonseyi ilibe phindu. Brufen sangawathandize, poti palibe kutupa koti azimitse. Amene amawonjezera mlingo mwezi ndi mwezi akungowononga impso zimene mwina shuga wayamba kale kuzidya. Morphine angachepetseko pang'ono, koma si woyambira. Ululu wa neuropathic umamvera mankhwala amene poyamba sanapangidwire ululu. Amitriptyline, pa mlingo wochepa wa 12.5 mg kapena 25 mg usiku, amalimbitsa njira zimene ubongo umatsekerezera uthenga wa ululu mumsana. Agogowo muwauze kuti simukuwaganizira misala, kuti kukamwa kudzauma, kuti adzuke pang'onopang'ono kuopa chizungulire, ndiponso kuti phindu limayamba kuoneka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri; opanda kuuzidwa zimenezi amasiya tsiku lachitatu. Gabapentin ndi wina. Carbamazepine ndiye woyambira pa trigeminal neuralgia, koma amachepetsa dolutegravir m'magazi, choncho funsani za ma ARV musanapereke. Womwa isoniazid amatetezedwa ndi pyridoxine.

Makwerero atatu amene bungwe la WHO linatulutsa mu 1986, poyamba chifukwa cha ululu wa khansa, sanapangidwe kuti atisankhitse pakati pa awiriwa. Mankhwala a sitepe yoyamba, monga brufen, amapitirira mpaka pamwamba, pamene pali morphine. Khansa ikalowa m'fupa pamakhala kutupa kumene brufen amakutha, pamodzi ndi ululu waukulu umene umafuna morphine, ndipo akagwirira limodzi morphine amafunika wochepa. Panado nayenso amayenda ndi onse awiri. Sachepetsa kutupa kwenikweni, koma savutitsa chifu ndi impso ngati brufen. Malire ake ndi 1 g pa nthawi ndi 4 g pa tsiku, ndipo timatsitsa kwa wowonda kwambiri, womwa mowa ndi wodwala chiwindi, chifukwa wochuluka amapha chiwindi patapita masiku munthu akuoneka ngati ali bwino. Makwererowa anabweranso ndi malangizo awiri amene timawaiwala: mankhwala apite pakamwa ngati n'kotheka, ndipo aperekedwe potsata wotchi. Ululu wosalekeza suyenera kudikira kuti wodwala alire kaye. Anthu athu ambiri analeredwa kuti kupirira ndi ulemu, ndipo sadzaitana namwino amene akumuona kuti watanganidwa ndi wodi yodzaza. Komanso palibe lamulo loti munthu wopsa thupi ayambire pansi pa makwerero. Ululu waukulu umayambira pamwamba.

Mukandifunsa kuti pa awiriwa woopsa ndani, ndinena kuti pa mlingo umodzi wolakwika, morphine ndiye angaphe munthu usiku womwewo, ndipo kabati yake iyenera kukhalabe yokhoma. Koma morphine ali ndi alonda: buku, mboni, wotchi ndi naloxone. Brufen alibe mlonda wina koma namwino amene akumupereka, ndipo m'mawodi ndi m'makliniki athu, mmene muli anthu ambiri a BP, a shuga, a ma ARV ndi oyembekezera, ine ndimamuopa kwambiri iyeyo. Inu amene mukuphunzira, musanapereke brufen funsani zinthu zinayi: mkodzo ukutuluka bwanji, m'mimba munavutapo, pali pathupi, ndipo kunyumba akumwa mankhwala ati, kuphatikizapo ogula okha. Mukapereka morphine wakumwa, bwererani pabedipo pakatha ola limodzi, muwerenge kupuma mphindi yathunthu, mufunsenso kuti kukuwawa bwanji, ndipo m'fayilo mulembe mawu amene wodwalayo wanena.